Moto Moto ya ku Mbala, ife a kum'mawa tiphunzirepo

Anthu ambiri muno mu Lusaka ukatchula myuziyamu amangoganiza ija ya pa Independence Avenue pafupi ndi Freedom Statue, mwina ndi ya ku Livingstone basi. Koma ine yomwe inandigwira mtima ndi Moto Moto ya ku Mbala, kumpoto kwenikweni kufupi ndi malire a Tanzania. Ndi kutali ndithu, basi ya pa Intercity umakhalamo mpaka msana kuwawa, koma pitani.

Dzinalo linachokera kwa Bishopu Joseph Dupont wa ma White Fathers, yemwe Abemba ankamutcha Moto Moto, uja anatsegula mishoni ya Kayambi mu 1895. Koma amene anatolera katundu ndi wansembe wina wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil. Iwowa kwa zaka zambirimbiri ankati akapita kumidzi pa ntchito ya mpingo amabwerako ndi ng'oma, misampha, makasu osula pamanja, mivi, miphika, zoimbira, zinthu zoti eni ake ena ankaziona ngati zatha ntchito, mpaka zinachuluka zedi ndipo mu 1974 inakhala myuziyamu ya boma.

Muli zambiri, miyala yosema ya anthu akalekale yochokera ku mathithi a Kalambo komwe katswiri wa zinthu zakale J. Desmond Clark anayamba kufukula mu 1953, ndiponso za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, paja Mbala nthawi imeneyo inali Abercorn ndipo ndi komwe mkulu wa asilikali a Germany von Lettow-Vorbeck anakatula zida mu Novembala 1918. Koma pomwe ine ndinaima nthawi yaitali ndi pa mbusa.

Mbusa ndi tizinthu toumba ndi dothi tomwe banachimbusa, anamkungwi a Abemba, amaphunzitsira mtsikana pa chisungu, chinamwali chawo cha Abemba. Kena kakhasu, kena kang'ona, kena kamtondo, ndipo kalikonse kali ndi nyimbo yake ndi mwambo wake wa m'banja. Ukayandikira umaona kuti sizinapangidwe kuti zikongoletse nyumba ayi, zina ndi zopindika, dothi lake losasalala, utoto wake woyera, wofiira ndi wakuda. Ndinaganiza za alangizi athu a ku Chawama ndi ku Matero amene mpaka lero amatsekera mkwatibwi m'chipinda ukwati usanachitike, mwambo ndi womwewo koma nyimbo zina zayamba kusokonekera, mawu akuimbidwa tanthauzo osalidziwa.

Ndikudziwa ena anena kuti zachinsinsi siziyenera kuikidwa pagalasi kuti aliyense, ngakhale mnyamata wosakwatira, aziona. Nkhawa imeneyo ndimaimva ndipo sindikuipeputsa, ine ndine Mchewa wa ku Katete, zakudambwe sitikamba pagulu. Komabe kuona kachiumbo sikudziwa mwambo. Tanthauzo lenileni likadali m'kamwa mwa anamkungwi, myuziyamu yangosunga chinthucho kuti chisasweke n'kutayika.

Nde apa mpomwe mtima umandiwawa. Atonga ali ndi yawo ku Choma, Alozi ali ndi Nayuma ku Limulunga, anzathu Angoni anayambako Nsingo ku Feni. Nanga ife? Gule Wamkulu UNESCO inamuzindikira mu 2005, chaka chilichonse mu Ogasiti anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi kuno amadzaza ku Mkaika pa Kulamba kukaona Kalonga Gawa Undi, tili ndi zojambula zakale pamiyala ku Mkoma ndi ku Thandwe, koma mwana wobadwira ku Kanyama akafuna kuona chingondo cha namwali, nsengwa, chipanda kapena mphasa yolukidwa bwino timuonetsa kuti? Ku Mua ku Malawi, Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa zigoba za Gule mazanamazana mu Chamare Museum, ife kuno agogo akamwalira mtondo timawazira nkhuni ndipo mikanda imagawidwa pamaliro osafunsa kuti inali ya chani.

Corbeil sanayambe ndi nyumba yaikulu kapena ndalama za boma, ankangotolera, kusunga, n'kulemba za zinthuzo. Kulembako nkofunika kwambiri, chifukwa chipanda chopanda mbiri ndi chikho wamba. Ine ndawauza kale amalume kumudzi kuti kaligo wa malemu agogo asamutaye, ndikapita ku Kulamba ndikamutenga, ndipo ndikakhala nawo pansi andiuze anamupanga ndani ndi nyimbo zomwe ankaimbira, ndijambule pa foni.