Sabata yachitatu ndi Linux Mint: OptiPlex ija ikadalipo

Lero akwana masabata atatu chichotsereni Windows pa kompyuta yanga ya patebulo, Dell OptiPlex 7010 ija ndinagula kwa mkulu wina amene ankatseka shopu yake ya fotokope pa boma pano pa Kasungu. Amene munawerenga zomwe ndinalemba poyamba mukukumbukira chomwe chinandikankha. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'mwamba. Yanga ndi i5 ya m'badwo wachitatu, RAM yake 4 GB. Kugula ina? Ndalama zake ndi za feteleza.

M'malo mwa Windows ndinasankha Linux Mint 22, ya mtundu wotchedwa Xfce, poti ndi yopepuka, komanso adzaisamalira mpaka 2029. Mint imachokera ku Linux ina yotchedwa Ubuntu, yomwe anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzina loti Ubuntu ndi umunthu womwewu timaunena kwathu kuno. Alamu anga atamva zimenezo anaseka: "Ndiye alamu, mwaika umunthu m'kompyuta? Bola ikhale ndi ulemu kuposa ija inkatenga mphindi zisanu kuti idzuke."

Fayilo yoikira Mint ndi pafupifupi 3 GB, choncho ndinadikira bandulo ya usiku n'kukopera pa foni. Ndinachita bwino, chifukwa magetsi anathima ili pakati. Kukacha ndinaiika pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus, n'kuyatsa kompyuta ndikudina F12 kuti idzukire pa fulashipo. Mint imalola kuiyesa kaye ili pa fulashi pomwepo usanafufute kalikonse, ndiye ndinakhala nayo madzulo onse ndikuyesa sipika, mbewa ndi intaneti ya pa foni kudzera pa chingwe cha USB. Zonse zinagwira popanda kufunafuna madiraiva. Kuikako kwenikweni kunali kosavuta.

Mtima unali m'mwamba pa nkhani ya mabuku a kalabu. Ine ndi amene ndimasunga kaundula wa kalabu yathu ya alimi a fodya: mabelo a munthu aliyense, makilo, zomwe zatuluka ku okushoni ya Chinkhoma, ngongole yodula. Zonsezo zinali mu Excel. LibreOffice Calc, yomwe imagwira ntchito ya Excel pa Mint, inatsegula mafayilo onse, masamu ake osasokonekera ngakhale pamodzi. Chongofunika n'kukumbukira kusunga ngati .xlsx potumizira alembi athu, amene akadali pa Windows. Makalata ndiwo anandivutitsa. Ya tsamba limodzi inasefukira pa lachiwiri, siginecha ya atcheya n'kukakhala yokhayokha kumeneko. Mu Mint zilembo za Times New Roman mulibe, m'malo mwake mumalowa Liberation Serif, koma vuto lenileni linali loti zilembo zina zomwe ndinkakongoletsera mutu wa kalata zinasinthiratu. Nditaika ttf-mscorefonts-installer, yomwe imabweretsa zilembo za Microsoft, n'kukonza mutuwo, kalata inabwerera m'malo mwake.

Chimene chandisangalatsa kuposa zonse sindinachiyembekezere n'komwe. Mukuidziwa vairasi ya m'mafulashi ija, yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha? Lachiwiri kunabwera amayi ena ophunzitsa ku pulaimale, nkhope ili gwa, ati masikimu awo a teremu yonse apita atakasindikiza kwina. Nditalowetsa fulashiyo pa Mint, mafoda onse anaoneka poyera, pambali pake pali timafayilo ta vairasi tili phee, poti tinapangidwira Windows ndipo kuno tilibe mphamvu. Ndinakopera zawo, n'kufufuta fulashi yonse, n'kubwezeramo. "Achimwene, mwandiombola," anatero, ndipo mawa lake mwana anabweretsa mtedza m'kathumba. Mbiri yafala kale. Dzulo kwabwera mafulashi atatu.

Kanthu kena kakang'ono: chilembo cha ŵ. Zaka zonsezi ndinkachita kukopera pa intaneti ndikafuna kulemba Malaŵi. Tsopano ndimadina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kulemba 175, kenako Enter, basi chatuluka.

Sikuti zonse zili myaa. Pulinta ikusindikiza bwinobwino, koma sikana yake yomweyo sikuoneka. Ndathera mausiku awiri pa terminal, kawindo kolamulira kompyuta ndi mawu olemba, kulemba malamulo omwe theka lake sindikuwamvetsa, mpaka Lachisanu ndinasokoneza china chake kompyuta n'kuyamba kudzuka ndi uthenga wachilendo. Mwayi wake ndinali nditayatsa Timeshift, pulogalamu yosunga mmene kompyuta inalili, tsiku loyamba lomwe, ndiye ndinangoibwezera mmene inalili Lachinayi. Pakadali pano zikalata ndikujambula ndi foni.

Hard disk nayo yayamba kulira ngati njenjete usiku. Alamu akupita ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi, ndawatuma SSD ya 256 GB yolowa m'malo mwa hard disk-yo, ndi RAM ina ya DDR3 ngati ndalama itsale. Ikafika ndiyambiranso kuika zonse, ndipo ulendo uno foda ya home, momwe mumakhala mafayilo anga, ndiipatsa chigawo chakechake pa disk.