Zimene zinachitikadi pa Lizulu

Popeza kanema uja wafika kale ngakhale kwa azakhali anga, amene foni yawo imayaka pokhapokha ataimenya pabondo, ndaona kuti ndi bwino ndilongosole ndekha zimene zinachitika pa Lizulu. Amene anajambulayo anayambira pakati, ine ndili kale m'mwamba, ndipo sanafune n'komwe kufunsa kuti munthu wamkulu, wopuma pa ntchito mwaulemu, wa tayi pakhosi, anafika bwanji pamwamba pa paipi atakumbatira thumba la mbatata. Bodza limodzi ndilikaniretu pano: sindinalire. Maso anafiira chifukwa cha utsi wa chiwaya chimene chinali pafupi.

Galimoto yanga mukuidziwa, Toyota Coaster ija imene eni ake oyamba ku Japan anaichotsa mipando n'kuikamo bedi, kakhitchini, makabati ndi thanki ya madzi, ndipo mpaka lero anthu a pa Dedza boma amaibayitsa pamsewu kufunsa ngati ikupita ku Lilongwe. Inabwera ndi matayala okongola, a mizere yakuya yoti chala n'kulowamo. Makaniko wanga atawayang'ana anapukusa mutu, nati amenewa ndi matayala a nyengo ya chipale chofewa, mphira wake anaufewetsa dala kuti uzigwira msewu wozizira kwambiri, ndipo pa phula lotentha la kuno amatha msanga komanso galimoto imachedwa kuima. Ine ndinamukumbutsa kumene tikukhala. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mu June ndi July madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo ngati pali boma m'Malawi muno loyenera matayala a chipale, ndi lathu lino. Mfundo imeneyi ndikuimabe nayo, ngakhale kuti mpaka pano palibe amene wabwera kumbali yanga.

Chimene chinandigonjetsa ndi manambala anayi olembedwa m'mbali mwa tayala, amene makanikoyo anandionetsa atandigwaditsa pansi. Awiri oyambirira amanena sabata imene tayalalo linapangidwa, awiri otsirizawo amanena chaka. Pa langa panali 3811, kutanthauza sabata ya 38 ya chaka cha 2011. Nditayandikitsa maso ndinaonanso timing'alu tambirimbiri m'mbali monse. Matayala a nyumba yoyenda ngati imeneyi kawirikawiri safa ndi ulendo, amafa ndi kukhala. Galimotoyo imatha miyezi itaima pamalo amodzi, dzuwa likuwamba mphira, katundu yense atatsamira mbali imodzimodzi ya tayala, mizere n'kumaoneka yatsopano pamene mphirawo unakalamba kalekale. Opanga matayala ena akuluakulu amalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mphunzitsi wa matayala, ndipo amayi akunyumba ndi mboni, chifukwa ndiwo anali kalasi yanga nthawi ya nsima. Ndinadziwa kuti 7.00R16 yolembedwa pa tayala ikunena za kutambalala kwa mainchesi 7 ndi limu wa mainchesi 16. Ndinadziwa kuti 117/116 ikunena za katundu: tayala likakhala lokha, monga kutsogolo, limanyamula makilogalamu 1,285, koma likakhala ndi linzake, monga kumbuyo kumene amakhala awiriawiri, limanyamula 1,250. Ndinadziwanso kuti awiri a kumbuyowo ayenera kukhala ofanana ndendende, chifukwa limodzi likatalikirapo limasenza katundu wa linzake, n'kutentha, n'kuphulika. Minibasi imatsitsa anthu pa depoti n'kupumako, koma yanga sitsitsa bedi, firiji, mabatire kapena silinda ya gasi, ndipo lita iliyonse ya madzi m'thanki ndi kilogalamu imodzi.

Choncho pamene wogulitsa wina ku Lilongwe anandikokera kuseri n'kundionetsa mulu wa matayala a kaunjika, nati, "Bwana, tayala ndi tayala, bola lilowe," ndinamuphunzitsa mpaka makasitomala ena anakhala pansi kumvetsera. Ndinagula atsopano asanu ndi limodzi, lililonse nditaliwerenga chaka chake ndekha. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa mu kanema muja mulibe. Kusankha ndinasankha bwino kwambiri.

Mtengo womangira matayalawo pomwepo ndi umene unandikwiyitsa. Mlamu wanga wa ku Ntcheu anali atandiuza kuti ali ndi munthu wake amene angachite ntchito yonseyo pa theka la ndalamazo, ndiye ndinawasanjikiza pabedi, n'kuwafunditsa chitenje kuti asadetse matiresi, n'kudzera kunyumba kutenga amayi, ulendo wa ku Ntcheu pa M1, pang'onopang'ono. Pa Lizulu amayi anati tiime tigule mbatata ya kachewere yopita nayo kwa alamu. Nditangotsika phula, tayala lakutsogolo la kumanzere linatulutsa mpweya wautali, galimoto n'kugwada pakati pa kabichi ndi tomato.

Sindinatekeseke. Ndinaika miyala kumatayala, ndinatulutsa jeki ndi wilusipanala, ndipo ndinakumbukira kuti manati amamasulidwa tayala lisanachoke pansi. Kamnyamata kena ka zaka ngati 12, kochokera pa kashedi ka omata matayala, kanabwera kakutafuna nzimbe n'kufunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndinakayankha mwaulemu kuti mwanawe, za matayala ndawerenga zonse. Kanagwedeza mutu n'kukakhala pa mwala chapafupi.

Ndinakoka ndi manja, nati osasuntha. Ndinaponda ndi phazi, nati osasuntha. Ndinabwereka paipi yaitali kwa wowotcherera zitsulo, n'kuilowetsa ku sipanala, italoza kutsogolo kwa galimoto, mbali imene munthu aliyense wolongosoka amamasulira nati. Pa nthawiyi anthu anali atayamba kusonkhana. Amene mumadziwa Lizulu mukudziwa kuti msewuwo ndiwo malire, uku Malawi uko Mozambique, choncho manyazi anga anaonereredwa ndi mayiko awiri, ndipo ena anawoloka dala kusiya malonda awo kutsidya. Bambo wina anati manati a ku Japan amamangidwa ndi makina oti munthu wodya nsima sangawathe. Mayi wina wogulitsa anyezi anati natiyo ndi yokhwimira, ndipo eni ake anagulitsa galimoto koma mtima sunalole. Ndinaimbira mlamu wanga, amene anangoti, "Onjezani mphamvu, alamu, dzimbiri limenelo," n'kudula foni.

Ndinakwera pa paipi. Wakabaza wina anadzipereka kuti ndigwire mutu wake ndisagwe. Ndinadumpha pang'ono, natiyo inalira kamodzi, kwii, ndipo khamu lonse linakuwa kuti yayamba. Inalidi itayamba, koma za kumene inkalowera tidzakamba posachedwa. Apa m'pamene wina anapereka nzeru yoti bambowa ndi opepuka, awonjezeredwe kulemera, ndipo ndisanayankhe, anyamata awiri anandikwezera thumba la mbatata limene amayi anali atangolipira kumene.

Ndikufuna muime nane pamenepa pang'ono. Ndili kunsonga kwa paipi, nsapato zanga za ku tchalitchi zikuterereka pa chitsulo, dzanja lamanzere lili pa chipewa cha munthu amene dzina lake sindilidziwa, dzanja lamanja lakumbatira mbatata, tayi yagwera kumsana. Kuchokera pamwambapo ndinkaona minda ya ku Mozambique mpaka kumapiri. Amayi ogulitsa kabichi anayamba kuwomba m'manja motsatira kudumpha kwanga, wina n'kuyambitsa nyimbo. Ndiyeno zenera la kakhitchini linatseguka pamwamba pa mutu wanga, amayi akunyumba n'kutulutsa dzanja lokhala ndi kapu, nati, "Bambo, tiyi wapsa, mumwera pomwepo kapena mutsika?" Anali atayatsa gasi n'kuwiritsa madzi nthawi yonseyi, atakhala pakati pa matayala atsopano asanu ndi limodzi, amene ngakhale limodzi silikanatha kundithandiza chifukwa linalibe limu. Ndinayankha kuti ndimwa ndikamaliza. Nditangotero paipi inayamba kupindika, osati mwadzidzidzi ayi, koma mwaulemu, ikunditsitsa pang'onopang'ono ngati mfumu ikutsitsidwa pa machila, mpaka zidendene zanga zinagunda pansi. Thumba linang'ambika pa msoko. Mbatata zinagubuduka kudutsa msewu, ndipo zambiri zinalowa m'dziko la Mozambique popanda chiphaso, sizinabwerenso.

Kamnyamata kaja kanalavula makoko a nzimbe, kanayandikira, n'kugwira chigongono chake mwaulemu wonse. "Pepani bambo, kodi mwamaliza kumanga?" Kananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta kunsonga kwa bawuti, ndipo pansi pa dothi panatuluka chilembo chimodzi, L. Kanafotokoza kuti pa ma Coaster ngati imeneyi, ndi pa malole ambiri a ku Japan, manati a mbali ya kumanzere amamasukira kumene ena onse amamangira, ndipo anawapanga choncho pofuna kuti kuzungulira kwa tayala kusamawamasule galimoto ikuyenda. Kanazula paipi yopindikayo, kanailozetsa kumbuyo kwa galimoto, n'kuponda ndi phazi limodzi lopanda nsapato. Manati anayi amene sindinawakhudze anamasuka mosavuta. Wachisanu uja, amene ndinamupatsa mphamvu zanga zonse pamodzi ndi za mbatata, anafuna amuna atatu, mafuta ndi nyundo. Nditakafunsa chifukwa chimene sikananenere poyamba, kanati, "Munati mwawerenga zonse."

Tsopano tiyeni tiweruze mwachilungamo. Botolo limatsekukira mbali imodzi. Mpopi umatsekukira mbali yomweyo. Corolla imene ndinayendetsa moyo wanga wonse wa pa ntchito inali ndi manati omvera, kumanja ndi kumanzere komwe. Chilembo chija chinali chobisika ndi matope, mwina a ku Japan komweko, ndipo palibe tsamba lililonse la matayala limene ndinawerenga limene linatchula za manati, chifukwa nati si tayala. Wakabaza amene ndinamugwira mutu uja anadzanena pambuyo pake kuti iyeyo zimenezi amazidziwa bwino, popeza pedulo ya kumanzere ya njinga nayonso imamasukira mobwerera. Nditamufunsa kuti nanga bwanji anangokhala chete ine ndikumuphwanya khosi, anati ankaganiza kuti ndikulimbitsa dala. Pa anthu onse amene anaima pamenepo, a mayiko awiri, wodzudzulidwa ndi ine ndekha.

Titatsitsa sipeya pansi pa galimoto, tinapeza lilibe mpweya, ndipo manambala ake a chaka anali atatu okha, kusonyeza kuti linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike. Linali lalikulu msinkhu kuposa bwana wake wa kamnyamata kaja. Bwanayo ndiye anachotsa tayala lakale pa limu ndi zitsulo zake n'kulowetsa latsopano, ndipo ine, pofuna kubwezeretsako ulemu, ndinalamula kuti asinthe ndi la kumanja lomwe, chifukwa matayala a mitundu iwiri yosiyana sayenera kukhala kutsogolo pamodzi. Anavomera, n'kundiuza mtengo woposa wa ku Lilongwe uja. Popita ku tayala la kumanja kamnyamata kanandiyang'ana n'kunena mokweza kuti, "Uku ndiye mukhoza kuthandiza, bambo."

Tinafika ku Ntcheu kutada. Munthu wake wa mlamu wanga anali atapita kumaliro, choncho matayala anayi otsalawo anagona pabedi, ife tinagona pamphasa pabalaza pa alamu, ndipo mbatata tinachita kugula zina pa Kampepuza m'mawa mwake. Wowotcherera uja amandiimbirabe za paipi yake. Iye akuti inali yatsopano, ine ndikuti inali ndi dzimbiri kale, ndipo tagwirizana kuti tidzakambirane ndikadzadutsanso, ngakhale kuti masiku ano pa Lizulu sindiima.