Tinakapalasa njinga pomwe pankadutsa sitima

Abale amene muli cha ku Manchester, Sheffield kapena Derby, ngati ku Monsal Trail simunafikeko ndiye mukudzimana zedi. Malowa ali mu Peak District, dera lamapiri ku England, kale inali njanji ya Midland Railway yomwe anaitsegula mu 1863, sitima za pakati pa Manchester ndi London zinkadutsa pompa mpaka anaitseka mu 1968. Pano zitsulo anazula zonse, watsala ndi msewu wa makilomita pafupifupi 14 kuchoka ku Bakewell kukafika ku Blackwell Mill, galimoto sizilowamo.

Njinga tinabwereka pa Hassop, siteshoni yakale yomwe pano amagulitsapo tiyi ndi makeke, ndipo ndinaseka ndekha kuti ine wozolowera kukwera kabaza lero ndikutulutsa mapaundi kuti ndidzipalasire ndekha. Koma kupalasa kwake sikutopetsa ata, paja sitima sigwirizana ndi zitunda ndiye omanga njanjiyi akapeza phiri ankangoliboola, akapeza chigwa ankamanga mlatho, thukuta anakhetsa ndi iwowo ife tikungodyerera.

Pomwe panandigwira mtima ndi mu Headstone Tunnel. Mphanga imeneyi ndi yotalika pafupifupi theka la kilomita, ukangolowa kuzizira kumakumenya kumaso ngakhale kunja kuli dzuwa, madzi akudontha kuchokera kudenga ndipo ana amangokuwa dala kuti amve mawu awo akubwerera. Magetsi alimo koma amayaka masana okha. Mphanga iyi ndi zina zakutsogolo zinali zotseka mpaka 2011, anthu ankachita kulambalala. Ndiye ukungotuluka mumdimamo, ukupezeka uli pamwamba pa mlatho wa Headstone Viaduct, pansi penipeni mtsinje wa Wye ukuyenda pakati pa mitengo, eee aliyense amaima kutulutsa foni, nanenso ndinaima basi.

Kutsogolo kuli mphanga zina, ya Cressbrook, Litton ndi Chee Tor. Pa Millers Dale tinatsika panjinga n'kuyendako wapansi kukaona ng'anjo zakale zomwe ankawotcheramo miyala ya laimu, zimakoma zake zazikulu zoopsa.

Chovuta ndi kuchuluka kwa anthu, ife tinapita Loweruka ndiye agalu, ana, agogo ndi ndodo zawo, ena pa mahatchi, chala sichinkachoka pa belu. Ngati shifiti ikulola pitani pakati pa sabata, jekete musasiye. Pobwera tinatsikira ku Bakewell kukalawa Bakewell pudding yotchuka ija, kwa ine shuga wachulukamo koma mnzanga anadya yake n'kumalizanso yanga.