Tinakadikira dzuwa pa doko la Kachulu

Gulu lathu la ojambula zithunzi lilibe ofesi. Chomwe tili nacho ndi gulu la pa WhatsApp, kabuku ka msungichuma, ndi pangano loti mwezi uliwonse tizituluka m'tauni kukajambula kunja, kaya kuli mvula kaya kuli dzuwa. M'gulumo muli aphunzitsi, namwino, anyamata a ku koleji, komanso bambo ena achikulire amene kale ankajambula anthu mu situdiyo ku Limbe, nthawi ija filimu inkatsukidwa m'chipinda cha mdima. Ena ali ndi makamera akuluakulu, ena foni basi. Palibe amene amadyera m'zithunzi. Timangosonkherana ya minibasi ndi ya kamba, n'kunyamuka.

Ulendo uno tinasankha Nyanja ya Chilwa. Tinagona ku Zomba, ndipo atambala asanayambe kulira tinali kale pa msewu wa ku Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, aliyense atakumbatira chikwama cha kamera kuopa mabampu. Wojambula akafuna kuwala kwabwino ayenera kuiwala tulo. Dzuwa likangokwera pang'ono, madzi amayamba kuthobwa m'maso ndipo zithunzi zimatuluka zoyezuka.

Tinafika kukadali chisisira, fungo la utsi ndi nsomba lili ponseponse. Anyamata aja anatsika akutsegula kale makamera, koma bambo aja anawagwira pa mkono. "Ana inu, yambani mwapereka moni. Pano ndi pa ntchito pa anthu." Tinapita kaye kwa akuluakulu a pa doko, tinafotokoza kuti ndife ndani, kuti zithunzizi sitikagulitsa, komanso kuti amene sakufuna kujambulidwa angonena. Mayi ena ogula matemba anakana, ndipo palibe amene anawalozetsa kamera. Ena anaseka n'kunena kuti tiwadikire amange bwino chitenje. Chimenechi ndi chimene ndimalikondera gululi. Ndikanabwera ndekha ndikanangoba zithunzi patali ngati mlendo wodutsa, n'kubwerera osadziwa ngakhale mtengo wa beseni la matemba.

Kenako kum'mawa kunayamba kufiira, kuseri kwa mapiri a ku Mozambique. Chilwa ndi nyanja yosaya, choncho asodzi ambiri amayendetsa mabwato pokankha pansi ndi nsungwi yaitali. Munthu ataima kumbuyo kwa bwato, nsungwi ili m'mwamba, dzuwa lili kumsana kwake, amaoneka wakuda bii pamwamba pa madzi ofiira. Bambo aja ankayenda pakati pathu akunong'oneza: "Musamuthamangire, musiyeni alowe yekha pomwe pali kuwala. Gwadani pansi, kamera ifike pafupi ndi madzi." Ndinagwada m'matope, maondo onse noninoni, n'kudikira. Nsungwi itangozuka m'madzi, madontho akugwa, ndinadina.

Titachita hayala bwato tinalowa m'njira zopapatiza za m'njedza, udzu wautali wa m'madzi, makamera titawakulunga m'majumbo, poti madzi a m'nyanjayi ndi amchere pang'ono. Mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Amangouma ndi dzuwa. Tinadutsa zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu pakati pa madzi, pomwe ena amakhala masabata osaponda kumtunda. Mbalame ndiye zosanena: akakowa, abakha a m'madzi, atsekwe, ndi nkhwazi imodzi imene inatiyang'ana ili phee. Mbalame zimenezi ndi zina mwa zifukwa zomwe Chilwa inakhalira malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar mu 1996. Lenzi yaitali ya 300mm tili nayo imodzi yokha gulu lonse, ndiye inkayenda m'manja mosinthana. Amene yamufikira ankakweza liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, mpaka 1/1000 ya sekondi, apo ayi mapiko amangotuluka ngati utsi.

Mwini bwato, bambo a imvi za apo ndi apo, anatifunsa chifukwa chake tikuvutikira kujambula madzi. Tisanayankhe anayamba okha kusimba za 2018, pomwe nyanja inaphwa mabwato n'kutsala gone pa matope ong'aluka, asodzi n'kubalalika kukasaka maganyu. Inaphwanso mu 1995, ndi mu 1968. "Mukanabwera nthawi imeneyo, achimwene, bwenzi mukujambula fumbi," anatero akuloza chilumba cha Chisi. Mawuwo anandikhala mumtima. Nyanja imeneyi imapita n'kubwerera, ndipo mapiri omwe mitsinje yake imachokera akunka nametedwa mitengo, dothi n'kumatsikira kuno. Zithunzi za malo ngati ano zimafunika kuti zizijambulidwa ndi ife eni dziko, chaka ndi chaka, pamalo omwewo, kuti mwana wodzabadwa mawa adzaone pomwe madzi ankalekeza.

Masana tinadya nsima ya mlamba pa kalesitilanti ka pa doko, kenako ulendo wobwerera, ambiri akusinza.

Loweruka lotsatira tinakumana kunyumba kwa mmodzi wa ife kuonetsana zithunzi pa laputopu, monga mwa mwambo wathu. Aliyense amabweretsa zisanu zokha, ndipo anzake amanena zoona popanda kunyengerera: apa mzere wa madzi wapendekeka, apa mwadula phazi la munthu. Changa cha nsungwi chija anachiyamikira, koma chimene tonse tinachisankha chinali cha namwino, chojambulidwa ndi foni: manja a mayi wina akuyala matemba pa thandala, mamba akunyezimira m'zala. Tagwirizana kuti titsukitse zithunzi za onse amene anatilola kuwajambula, ndipo anyamata a ku koleji aja, poti amakhala ku Zomba komweko, akazipereka okha ku Kachulu mwezi ukatha.