Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene ndinayamba Chisipanishi

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangolembedwa ntchito yosunga mafayilo ndi kuyankha makalata mu ofesi ija ya mainjiniya. Lero ndikambe za munthu mmodzi amene ndinamupeza kumeneko, chifukwa pakadapanda iye, bwenzi mpaka pano ndisakudziwa ngakhale liwu limodzi la Chisipanishi.

Anali mayi wachikulire wochokera ku Colombia. Ntchito ankaidziwa, koma Chingerezi chawo chinali chongokwanira kufotokozera mapulani basi. Pamsonkhano ankayankha mwachidule, ndipo nthawi yopuma ankakhala okha. Anzanga ankati ndi onyada, inenso ndinkavomereza. Tsiku lina ndikudutsa pakhomo la ofesi yawo ndinawamva ali pafoni ndi mchemwali wawo. Mawu ankangokhuthuka, akuseka mpaka kumenya tebulo ndi chikhatho. Ndinaima chilili, mafayilo ali m'manja. Miyezi yonse ija tinkaweruza munthu amene sitinamumvepo akulankhula momasuka.

M'mawa mwake ndinawapatsa moni ndi mawu awiri amene ndinawapeza pa intaneti usiku: "Buenos días." Anavula magalasi n'kundiyang'ana kanthawi. Kenako anakoka mpando n'kunena kuti ndikhale. Apo ndi pamene sukulu yanga inayambira, ndili ndi zaka 34.

Choyamba chimene chinandilimbitsa mtima ndi katchulidwe. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka monga timawatchulira ife. Liwu ukaliona papepala, umalitchula mmene lalembedwera. Chilembo chija cha ñ, chovala kamzere pamutu, ndi ny wathu yemweyu. Munthu amene anavutikapo ndi kalembedwe ka Chingerezi amadziwa kupepuka kwa zimenezi. Mawu ochita nawonso sanandidabwitse: hablo, hablas, habla ndi ndimalankhula, umalankhula, amalankhula. Wolankhulayo ali m'kati mwa liwu momwemo, kungoti ife timamuika kutsogolo, iwo kumapeto. Ndipo ali ndi iwe ndi inu wawo, tú ndi usted. Mayi aja ndinawatchula usted chaka chathunthu. Atandipempha kuti ndiziwauza tú, pakamwa panga panakana, ndipo iwo anamvetsa, poti kwawonso ulemu wa mtunduwu ndi nkhani yaikulu.

Panali mawu ena amene ndinakumana nawo ngati achibale otayana kalekale. Zapato ndi nsapato, carta ndi kalata, cama ndi kama wogonapo. Ife tinawatenga kwa Apwitikizi, ndipo Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi ana a mayi mmodzi, Chilatini. Phindu lake ndinadzaliona pambuyo pake: kalata ya Chipwitikizi ikafika mu ofesi, ndinkatha kutolamo mfundo ngakhale sindinachiphunzirepo.

Sindikunamizeni kuti zonse zinali zofewa. Lilime langa linazolowera kusasiyanitsa l ndi r, pomwe m'Chisipanishi pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro ndi galu. Mayi aja analemba mawu atatuwa pakapepala kachikasu n'kumata pakompyuta yanga. M'mawa uliwonse ankaima pamenepo, chala chili pakapepalako, mpaka nsonga ya lilime itanjenjemera kuseri kwa mano. Panapita miyezi inayi kuti rr amveke bwino. Ser ndi estar, mawu awiri amene onse amatanthauza kukhala, amandipunthwitsabe nthawi zina.

Poyamba ndinkaganiza kuti ndikuphunzira chinenero cha dziko limodzi la ku Ulaya. Mayi aja ndi amene ananditsegula maso tsiku lina atatambasula mapu patebulo. Chala chawo chinayambira ku Mexico, dziko limene lili ndi olankhula Chisipanishi ambiri kuposa lina lililonse, n'kutsika kudzera ku Guatemala, Panama, kwawo ku Colombia, Peru, mpaka kumunsi kwa Chile ndi Argentina. Mayiko 20 amachigwiritsa ntchito ngati chinenero cha boma, ndipo anthu pafupifupi 500 miliyoni anayamwira chimenechi. Ku United States kokha, oposa 40 miliyoni amachilankhula kunyumba. Kenako chalacho chinawoloka nyanja n'kudzaima pa Equatorial Guinea, dziko la mu Africa limene linalandira ufulu kuchokera ku Spain mu 1968. Chisipanishi ndi chimodzi mwa zinenero zisanu ndi chimodzi za United Nations, ndipo ku African Union chilinso m'gulu la zinenero zovomerezeka.

Liwu limene ndimalikonda kwambiri ndi ojalá, lonenedwa munthu akamalakalaka kuti chinthu chichitike. Linachokera ku Chiarabu, ndipo dzina la Mulungu lili m'kati mwake. Asilamu analamulira mbali zina za Spain kuyambira 711 mpaka 1492, n'kusiya mawu ambirimbiri, monga almohada, pilo wogonera. Chaka chomwecho cha 1492 ndi chimene Antonio de Nebrija, katswiri wa zinenero wa ku Spain, anatulutsa buku loyamba la malamulo a Chisipanishi. Zinthu ngati izi sindikanazifufuza pandekha. Chinenero ndi chimene chinandikokera ku mbiri.

Za ntchito ndinene mwachidule. Nditaphunzira zaka ziwiri ndinalemba mayeso a Chisipanishi otchedwa DELE, amene amayendetsedwa ndi Instituto Cervantes, bungwe limene boma la Spain linakhazikitsa mu 1991. Magawo ake amayambira A1 kufika C2, ndipo satifiketi yake siitha ntchito. Ine ndinakhoza B1, gawo lapakati. Kuyambira pamenepo makalata onse a makampani a ku Spain ndi ku South America ankadutsa patebulo langa, ndipo pasanapite nthawi ndinachoka ku mafayilo. Ambiri akandifunsa ubwino wa Chisipanishi amafuna kumva zimenezi, ndipo n'zoona ndithu. Koma chimene chimabwera m'mutu mwanga ndi Lachinayi lina madzulo.

Anthu anali ataweruka. Ndikutseka mawindo ndinaona kuti mu ofesi ya mayi aja mukuyakabe getsi. Ndinagogoda. Anali atakhala pampando, foni ili pamwendo, maso ali gwa kukhoma. Atandiona anati, "Se me fue mi papá." Sananene kuti bambo amwalira. Mawuwo amatanthauza kuti bambo anga andichokera, monga timanenera ife kuti atisiya. Ndinawamva mpaka mumtima, popanda kuwatembenuza kaye m'mutu.

Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kunena kuti, "Lo siento mucho, señora," kutanthauza kuti pepani kwambiri mayi. Anandigwira dzanja n'kuyamba kulira. Kenako anayamba kukamba za bambo awowo, mmene ankawaperekezera kusukulu, mmene ankaimbira likhweru akamakonza njinga. Analankhula ola lathunthu. Mawu ena ankandidutsa, koma sindinawadule. M'nyumba yonse ija, ndi ine ndekha amene akanatha kulira naye m'chinenero chimene bambo awo ankawaitanira.

Foni italiranso anandipatsa ine, poti mawu sankatulukanso. Anali mchimwene wawo. Ndinamupempha kuti alankhule pang'onopang'ono, "más despacio, por favor," ndipo ndinalemba tsiku la maliro ndi dzina la tchalitchi kuseri kwa envelopu. Usiku womwewo tinagula tikiti ya ndege yopita ku Bogotá, likulu la Colombia, pakompyuta yanga, kapepala kachikasu kaja kali pomwepo. Atabwerako anandibweretsera buku limene bambo awo ankawerenga, lodzaza ndi mizere ya pensulo m'mbali. Za bukulo, ndi kalata imene ndinaipeza m'kati mwake, ndidzakamba m'gawo lotsatira.