Sabata imene phosphate inafika pa ziro

Mwa mathanki onse amene ndimasamalira kuno ku Zomba, imodzi yokha ndiyo ya madzi a mchere, ndipo ili pamalo ena ogona alendo m'njira yokwerera kuphiri. Ena onse ndi a mbuna za m'nyanja yathu, ndipo Lolemba ndi Lachiwiri ndinangowasinthira madzi, kutsuka zosefa ndi kukumbutsanso eni ake kuti achepetse chakudya, monga ndimachitira sabata iliyonse popanda wondimvera.

Lachitatu m'mawa nditalowa m'chipinda cholandirira alendo ndinaima kaye chikwama chili m'manja. Acropora, mtundu wa coral (tizamoyo ta m'nyanja ya mchere timene timamanga nthambi zolimba ngati mwala), imene ndakhala ndikuilera kwa zaka ziwiri inali itatuwa mbuu, ndipo pamchenga panali patayala zinthu zofiirira zonanda ngati mamina, zokhala ndi timathovu pamwamba pake. Anzanga a ntchitoyi mwadziwa kale kuti ndikunena ma dinoflagellate, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene tikachulukana timapanga zonandazo. Nkhono ziwiri zinali chagada pakona, zitafa. Nditayeza madzi, mchere, kutentha ndi zina zonse zinali bwinobwino, koma phosphate (chakudya cha zomera ndi ndere chopezeka m'madzi), imene sabata yapitayo ndinaisiya pa 0.06 ppm (magawo pa miliyoni), inawerenga 0.00.

Chifukwa chake ndinachipeza nditatsegula kabati ya pansi. Reactor, chubu chodutsamo madzi, imene ndimaikamo kakapu kamodzi kokha ka GFO, mankhwala ochotsa phosphate m'madzi, inali yodzaza mpaka kukhosi. Mnyamata amene amadyetsa nsomba anayankha maso ali pansi kuti, "Abwana anati galasi lachita ndere, ndiye ndithire yense wotsala m'chitinimo." Iyeyo sindinamukalipire, pakuti anangochita zimene anatumidwa.

Bwana mwiniwake atabwera ndinawauza kuti madzi ayera mopitirira muyeso ndipo ma coral akufa ndi njala. Iwo anati, "Kodi si inu nomwe bambo munandiuza kuti phosphate ndiyo imabweretsa ndere?" Mawuwo ndinanenadi, ndipo n'zimene zinandiwawa kwambiri, chifukwa anasunga theka la zimene ndinanena n'kutaya theka linalo. M'mnofu wa coral mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala n'kugawirako coral, ndipo nazonso zimafuna phosphate pang'ono, pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Ikatheratu, coral imafooka, tizamoyo tina tabwino m'thankimo timachepa, ndipo malo amene tasiyawo ndi amene ma dinoflagellate amalanda.

Ndinazimitsa reactor nthawi yomweyo, ndinakoka zonandazo ndi kapaipi kudzera m'kansalu kosefera ndi kubwezera madzi omwewo, popeza kusintha madzi panthawi yotere kumangochepetsanso phosphate imene ikusowa kale. Kenako ndinasungunula magalamu 1.43 a monopotassium phosphate mu lita imodzi ya madzi a RO (osefedwa mpaka kuyera kwambiri), kuti mililita iliyonse ikhale ndi miligalamu imodzi ya phosphate. Madzi onse m'thankimo ndi malita pafupifupi 600, choncho mamililita 12 amayenera kukweza phosphate ndi 0.02 ppm. Ndikuthira dontho ndi dontho ndi sirinji pafupi ndi pampu, bwanayo anawerenga pabotolo nati, "Ndiye mwayamba kuthira feteleza m'thanki yanga?" Ndinavomera, chifukwa alimi amaugwiritsadi ntchito m'munda, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti sanakhutire.

Chimene chandikwiyitsa kuposa GFO ndi nkhani ya mankhwala oyezera. Ndakhala ndikupempha kuti aitanitse ena ku Johannesburg kwa miyezi iwiri, ndipo yankho limakhala la kusowa kwa ndalama zakunja, ngakhale nyali zatsopano za m'kapinga zinafika osavuta. Lachitatulo ndinali nditatsala ndi timapaketi tinayi, ndipo kamodzi ndinali nditagwiritsa kale ntchito. Kuthira phosphate popanda kuyeza tsiku ndi tsiku n'koopsa, chifukwa miyala ndi mchenga wa m'thankimo zimayamba zaimwa yonse, ndipo munthu wosaleza mtima amaganiza kuti wathira yochepa n'kuwirikiza muyezo, osadziwa kuti miyalayo ikakhuta nambala imakwera mwadzidzidzi.

Lachinayi zinachitika momwemo: 0.00 ngati sindinathire kanthu. Mtima unkandiuza kuti ndithire mamililita 30, koma ndinabwereza 12 omwe aja n'kuuza mnyamata uja kuti aonjezereko pang'ono chakudya cha nsomba. Masana magetsi anazima maola anayi, ndipo jenereta ya pamalopo imayatsa khitchini ndi zipinda koma mapampu a thanki ayi, nkhani ina imene ndatopa nayo kuinena. Ndinakhala pamenepo ndikutunga madzi ndi jagi n'kumathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya usathe, alendo akundijambula ndi mafoni. Lachisanu ndinathira osayeza pofuna kusunga mapaketi.

Loweruka makina anawerenga 0.02. Zonanda zija zikadalipo, koma sizinafalikirenso kumiyala. Acropora yayamba kusupuka mnofu kutsinde, moti ndinadula nthambi zitatu zimene zikadali zamoyo ndi kuzimata pamiyala ina patali ndi mchenga. Kapaketi kamodzi kamene katsala ndakasungira Lachiwiri, ndipo chitini cha GFO ndabwera nacho kunyumba.