Mpata wa pansi pa mpando

Lachinayi usiku.

Ndasamba m'manja kawiri koma pulasitala sakuchoka m'zikhadabo. Ndilemba chomwecho, za lero zisanandithawe m'mutu.

Usiku wathawu tulo sindinatione bwino, mtima unali pa chikombole chimene ndinathira dzulo madzulo. Ndinatenga kampando kanga kakale kopanda chotsamira, n'kukagadamika miyendo m'mwamba, n'kutchinga mbali zonse zinayi ndi timatabwa. Mkati ndinapakamo sopo kuti pulasitala asamatirire ku mtengo, kenako ndinathira mpaka kudzaza. Chimene ndinkafuna kugwira ndi mpata wa pansi pake, muja timapindiramo miyendo tikakhala, muja tsache limangolowa n'kutuluka.

Kutacha ndinamasula timatabwa tija bwinobwino, koma chinthucho chinakana kutuluka. Ndinali nditaiwala timitanda tiwiri tolumikiza miyendo, ndipo pulasitala anali atatikumbatira. Panalibe kuchitira mwina. Ndinatenga sowo n'kudula polumikizira ponse, miyendo n'kuisolola umodziumodzi. Ngodya imodzi inabenthuka pang'ono. Kampandoko kathera pomwepo, ndipo zandikhudza ndithu, chifukwa ndakhala ndikukhalapo zaka zambiri.

Koma chimene chinatsala patebulo chinandigwira mtima. Chibuma choyera, cholemera moti ndinachita kuchikumbatira ponyamula, chozizira ngati mwala wa mumtsinje. M'ngodya zake zinayi muli ngalande momwe munadutsa miyendo. Pamwamba, pamene chinakhudzana ndi kunsi kwa thabwa lokhalira, patuluka mizere yonse ya mtengo, ngakhale mabala a sowo amene mmisiri sanavutike kuwasalaza podziwa kuti diso silidzafikako. Dontho la guluu limene linaumira kumeneko lasiya kadzenje kokwana nsonga ya chala. Ndinakhala ndikukasisita kadzenjeko nthawi yaitali. Zaka zonsezi mpata umenewu unali pansi panga, uli ndi maonekedwe akeake, ine osaudziwa.

Nzeruyi si yanga. Bruce Nauman, wosema wa ku America, anaumbapo ndi konkire mpata wa pansi pa mpando wake m'zaka za m'ma 1960, ndipo Rachel Whiteread wa ku Britain anaitengera patali. Mu 1995 anandandalika zibuma 100 za utomoni wa mitundumitundu, chilichonse chochokera pansi pa mpando. Mu 1993 anali atachita kale zomwezo ndi nyumba yathunthu pa Grove Road, kum'mawa kwa London. Mkati mwa zipinda anapoperamo konkire, kenako makoma akunja anagumulidwa, n'kutsala mkati mwa nyumbayo mutauma gwa, zitseko ndi mawindo zikuoneka ngati malaya ovala chotembenuza. Chaka chomwecho analandira Turner Prize, mphoto yotchuka ya zaluso ku Britain, mkazi woyamba kuilandira, koma pa 11 Januwale 1994 ntchitoyo inagwetsedwa molamulidwa ndi khonsolo. Sinathe ngakhale miyezi itatu itaima.

Zithunzi zake ndaziona kambirimbiri, koma lero ndi pamene manja anga amvetsa. Kalipentala, womanga nyumba ndi wosema onse amalimbana ndi chinthu chimodzi: mpata umene thupi la munthu lidzalowemo, lidzakhalemo kapena lidzauzungulire. Mtengo, njerwa ndi chitsulo zimangoikira mpatawo malire.

Cha m'ma 10 koloko anafika abambo amene anandiphunzitsa kugwira sowo ndi puleni ndili wamng'ono. Ndinawaitana dala kuti adzaone benchi imene ndakhala ndikulimbana nayo milungu itatu. Ndi thabwa limodzi lochindikala, lotalika mamita awiri. Mbali ina lagona pa mwala wosasema, mbali inayo pa chitsulo chopindidwa ngati chigongono. Ndinalikweza masentimita 52 kuchokera pansi chifukwa likakhala pamenepo limaoneka ngati likuyandama.

Anaizungulira kamodzi osayankhula. Anagogoda thabwa ndi chala, anawerama kuona pamene chitsulo chalowa mu mtengo, n'kugwedeza mutu movomereza. Kenako anakhala. Zidendene zawo zinasiya pansi, zala zokha n'zimene zinkakhudza simenti. Anasuntha, anakhalanso, anapisa dzanja kunsi kwa ntchafu pamene m'mphepete mwa thabwa munkawadinda.

"Mwanawe, ichi wapangira munthu kapena maso?"

"Zonse ziwiri, bambo."

"Ndiye munthuyo wam'mana. Tsitsa ifike 45, ndipo m'mphepetemu upalemo ndi puleni musamalume. Ukatero ndidzabwera kudzakhalapo ola lathunthu, ndipo udzandiuze ngati kukongola kwathawa."

Sindinawatsutse. Pokhalira pa munthu wamkulu pamakhala cha m'ma 45 chifukwa ndi mmene mwendo umatalikira kuchokera pa chidendene kufika kuseri kwa bondo. Anandiphunzitsa okha kalekale. Ndinkadziwa, koma ndinalola diso kuti lilamulire.

Atapita ndinakhala pansi n'kukumbukira Donald Judd wa ku America, uja ankapanga mabokosi a chitsulo ndi matabwa opanda chokongoletsa chilichonse. M'zaka za m'ma 1960 anapemphedwa kupanga katebulo, iye n'kutenga imodzi mwa ntchito zake zooneka ngati bokosi n'kuisintha pang'ono. Judd mwini wake anadzalemba mu 1993 kuti kuteroko kunanyozetsa ntchitoyo ndipo tebulo linatuluka loipa, moti analitaya. Atasamukira ku Marfa, ku Texas, m'zaka za m'ma 1970, anasowa kogula mipando yomukomera, ndiye anayamba kupangira ana ake bedi, madesiki ndi mipando ya matabwa wamba a paini. Mipandoyo inadzatchuka, koma mpaka imfa yake mu 1994 iye ankailekanitsa ndi zosema zake. Kwa iye mpando ukhale mpando, chosema chikhale chosema, aliyense asalowe m'munda mwa mnzake.

Judd ndimamulemekeza, ndipo lero wandilasa ndithu. Komabe mtima wanga umatsamira kwa wosema wina, Isamu Noguchi, amene mpanda umenewu sankauwerengera. Taonani tebulo lake lija limene kampani ya Herman Miller inayamba kugulitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ndi matabwa awiri osemedwa mofanana ndendende, lina n'kulizondotsa, n'kuwalumikiza pa nsonga imodzi yokha, pamwamba n'kugonekapo galasi lochindikala. Basi. Palibe chobisika, chifukwa galasilo limakuonetsa zonse za pansi. Utachotsa galasi ungatsale ndi chosema choima pachokha, utalibwezera ungaikepo buku osaopa kuti ligwa. Mu 1951 ali ku Gifu, ku Japan, anayamba kupanga nyale za Akari ndi pepala ndi nsungwi, ndipo ankazitenga ngati zosema, kungoti zosema zowala. Munthu yemweyu, amene mu 1927 ankathandizira wosema wotchuka Constantin Brancusi ku Paris, anakonzanso minda ndi mabwalo osewererapo ana. Kwa iye nyale ya m'chipinda ndi bwalo lonse la mumzinda inali ntchito imodzi.

Nanga bwanji zake zinatheka, zanga zikukanika? Ndaganiza masana onse, ndipo ndikuona kuti tebulo la Noguchi silim'mana munthu kanthu. Ngongole yonse ya tebulo linalipira, kukongola n'kubwera kosalanda chilichonse. Benchi yanga inkakongola pobera ntchafu za munthu masentimita asanu ndi awiri. Apa ndi pamene aphunzitsi anga ndi Judd akugwirizana, ngakhale sakudziwana.

Kutsitsako sikunali kophweka. Chitsulo ndinadula mwachangu ndi makina. Mwala ndiye unandikhalitsa pansi. Nyundo ndi tchizulo kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko, timiyala tikuthethekera kumaso, ndipo ndangochotsa masentimita atatu. Mwala sufuna kupupuluma. Ukaumenya mwamphamvu umang'ambika kumene sukufuna, ndiye ndimangogogoda pang'onopang'ono kutsatira mitsempha yake.

Kuti ndipeze malo ogwirira ntchitoyi, benchi ndinaikokera pakati pa chipinda, n'kutseka njira yochokera pakhomo kupita patebulo. Masana onse ndakhala ndikuizungulira, nthawi zina nditanyamula ndowa ya madzi. Ulendo wina ndinagunda bondo pa chitsulo chija, ndipo pomwepo m'mutu munabwera Richard Serra, wosema wa ku America. Mu 1981 anaimika Tilted Arc pa Federal Plaza ku New York, khoma lokhota la chitsulo chadzimbiri, lotalika mamita pafupifupi 37 ndi msinkhu wopitirira mamita atatu ndi theka, lodula bwalo pakati. Ogwira ntchito m'maofesi a pamenepo anadandaula kuti lawatsekera njira. Mu 1985 kunachitika msonkhano womva maganizo a anthu, ndipo ngakhale ambiri mwa amene anayankhula ankafuna kuti likhale, chigamulo chinali choti lichoke. Serra ankati ntchitoyo anaipangira malo amenewo, ndipo kuichotsa n'chimodzimodzi kuiononga. Mu Malichi 1989 anaidula n'kuichotsa usiku.

Kale ndinkaima ndi Serra osayang'ana kumbali. Lero, bondo likuwawa, ndamumveranso chisoni munthu amene ankazungulira khoma lija m'mawa uliwonse. Chosema chikakula n'kuima m'njira ya anthu chayamba kugwira ntchito ya khoma, ndipo khoma lili ndi ngongole kwa odutsa monga mpando ulili nayo kwa wokhala. Koma sindingabisenso ichi: chifukwa chozungulira benchi ndadutsa mbali ya chipinda imene sindipondako, ndipo ndaona kwa nthawi yoyamba mmene dzuwa lamadzulo limalowera pawindo laling'ono n'kugona pakhoma la kum'mawa. Zaka zonsezi ndinkangoyenda mzere umodzi, pakhomo mpaka patebulo. Serra ankafuna zimenezi, kuti miyendo ya munthu idzutse maso ake. Onse awiri ndikuwamva, ndipo sindinathe kusankha mbali.

Kusanade ndinapala m'mphepete mwa thabwa monga anandiuzira. Puleni inkatulutsa zipalapala zazitali zopotana, zonunkhira mtengo wouma, ndipo nditayendetsapo chikhatho sindinamvenso mano aja. Chodabwitsa n'chakuti ngodya itafewa, kuwala kwayamba kutsetsereka m'mphepetemo m'malo modukira pamenepo, ndipo thabwa likuoneka lopyapyala kuposa mmene lilili. Kuyandama kuja ndinkakufuna pokweza mwina ndikupezera pano.

Potseka ndinanyamula chibuma cha pulasitala n'kuchilowetsa pansi pa benchi, kumbali ya mwala kumene sikunatsike mokwanira. Chalowa, pamwamba pangotsala polowa chala. Chikadali chonyowa mkati, chitenga masiku angapo kuti chiume, ndipo mawa ndiyenera kuchichotsapo ndisanayambe kugogoda. Pamwala patsala masentimita anayi.